Mapu a pa kompyuta pa ntchito za mafuta: zomwe ndaona ndikugwira ntchito ku Blantyre

Mafuta onse amene timathira m'galimoto kuno ku Malawi amachokera kunja, kudzera pa madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Akafika amasungidwa m'mathanki akuluakulu, monga aja a NOCMA ku Matindi, kenako n'kugawidwa m'malo omwetsera mafuta. Choncho kwa ife amene timapanga mapu pa kompyuta kuno ku Blantyre, ntchito yambiri ya mafuta si yofufuza zitsime pansi pa nyanja ayi. Ndi mapu a malo amene munthu akufuna kumangapo filing'i siteshoni, a depoti, a malo odzazira gasi wophikira, a njira zodutsa matankala, ndi aja olowa mu lipoti la zachilengedwe lopita ku bungwe loona zachilengedwe la MEPA komanso m'mapepala opemphera chilolezo ku bungwe loona za mafuta ndi magetsi la MERA. Mwa apo ndi apo kumabweranso ntchito ya ofufuza mafuta pansi pa nthaka. Ndagwirako mbali zonse ziwiri, ndipo ndikufuna ndiwauze anzanga ongoyamba kumene, makamaka achinyamata a zoyeza malo ochokera ku MUBAS amene amabwera kudzaphunzira ntchito kwathu, zinthu zimene zimawononga mapu munthu osadziwa.

Ine ndimagwiritsa ntchito pulogalamu yopangira mapu yotchedwa QGIS. Ndi yaulere, siifuna kompyuta yamphamvu kwambiri, ndipo mukatenga ija yolembedwa LTR simuvutika ndi kusinthasintha kwa pafupipafupi. Amene ali ndi ArcGIS Pro nawonso ali bwino, kungoti chiphaso chake chimalipidwa ndi ndalama zakunja, zimene tonse tikudziwa mmene zimavutira kupeza. Zonse ziwiri zimagwira ntchitoyi mokwanira. Chimene zimafanana kwambiri n'chakuti zimajambula chilichonse chimene mwazipatsa, mokongola ndithu, popanda kukufunsani kuti manambalawo achokera kuti. Funso limenelo ndi lanu.

Tsiku lina kunabwera bambo wina woimira kampani imene inkafuna kuika mathanki a mafuta pa malo ena kumpoto kwa Lunzu. Ananyamula pepala lakale la asaveya, lokhala ndi manambala a ngodya zonse za malowo. Nditawalowetsa mu QGIS n'kuika chithunzi cha setilaiti pansi pake, malowo anagwera m'minda ya anthu, mbali ina n'kudula kamtsinje, pamene bamboyo ankanena kuti malo awo ali pamtunda, kufupi ndi msewu. Nkhope yawo inasintha nthawi yomweyo.

"Achimwene, ndiye kuti anthu aja atilowerera malo? Mawa ndikupita kwa amfumu."

Ndinawapempha kuti adekhe kaye. "Bambo, tisanapite kwa amfumu, tiyeni tilifunse pepalali. Linayezedwa liti, ndipo ndi datum iti?"

Pa pepalapo panalembedwa kuti UTM Zone 36 basi. UTM ndi njira yolembera malo m'mamita, dziko lapansi litagawidwa m'mazoni, pamene datum ndi maziko amene manambalawo anayezedwerapo, monga Arc 1950 kapena WGS 84. Apa ndiye pagona vuto lalikulu la mapu a dziko lathu, ndipo ndikufuna ndikhalitsepo. Mapu akale a boma, aja a 1:50,000, pamodzi ndi mapepala ambiri akale a malo, anayezedwa pa Arc 1950. GPS ya m'manja, foni yanu ndi zithunzi za setilaiti zimagwiritsa ntchito WGS 84. Zonse ziwiri mukaziika mu UTM 36 ya kummwera zimatulutsa manambala ooneka ofanana: kuno ku Blantyre oyamba amakhala cha m'ma 700,000, achiwiri cha m'ma 8,250,000. Ndi maso simungasiyanitse. Zili ngati ndowa ziwiri zoyezera chimanga pamsika, zonse zimatchedwa ndowa koma sizilowa chimanga chofanana. Mukatenga manambala a Arc 1950 n'kuuza kompyuta kuti ndi a WGS 84, malo anu amasunthira kumpoto ndi mamita pafupifupi 300, ndi kumbali mamita makumi angapo. Mamita 300 pa mapu a dziko lonse saoneka n'komwe. Pa malo oika mathanki a petulo, mamita 300 akhoza kukuchotsani pamtunda n'kukuikani m'dambo.

Tinapita pamalopo, ndipo titalonjera kwa amfumu anatipatsa nduna yawo, bambo wachikulire, kuti atiperekeze. Sanafune pepala. Anatidutsitsa m'mphepete mwa munda wa nandolo mpaka pa chitsamba china, n'kuyamba kupalasa dothi ndi phazi. Panatulukira kasimenti kozungulira, kakuda ndi ndere, kachitsulo kali pakati. "Mwala wa boma ndi uwu. Anauika ine ndili mnyamata, ndipo palibe anausunthapo." Ndinaika GPS pamwamba pake n'kudikira kuti manambala akhazikike. Anasiyana ndi a pa pepala mwa mlingo womwe uja, ndipo bikoni yachiwiri (mwala wina wa boma) imene tinaipeza inasiyananso chimodzimodzi. Mabikoni awiri akasiyana ndi pepala mofanana ndi kulowera mbali imodzi, dziwani kuti palibe walowerera mnzake. Ndi datum. Anthu a m'mudzimo akanaitanidwa kubwalo pa mlandu umene sanapalamule.

Manambala awiri awa a EPSG, amene timauzira kompyuta datum ndi zoni, muwasunge pamtima. EPSG:20936 ndi Arc 1950 mu UTM 36 ya kummwera. EPSG:32736 ndi WGS 84 mu UTM 36 yomweyo. Dziko lonse la Malawi limakwana mu zoni 36, choncho awiriwa ndi amene mudzakumana nawo tsiku ndi tsiku, pamodzi ndi EPSG:4326 ya madigiri. Kaundula wa manambala amenewa anayambitsidwa ndi akatswiri oyeza malo a makampani a mafuta a ku Ulaya, ndipo lero amasungidwa ndi bungwe la IOGP, chifukwa m'ntchito ya mafuta kuboola pamalo olakwika ndi kutaya chuma chosaneneka.

Pokonza vutoli ambiri amasokoneza zinthu ziwiri. Mu QGIS muli Assign Projection ndi Reproject Layer. Mu ArcGIS muli Define Projection ndi Project. M'pulogalamu iliyonse, choyamba chimangouza kompyuta kuti manambala awa ndi amtundu wakuti, osawasintha. Chachiwiri chimawerengera manambala atsopano. Dongosolo lake ndi lakuti muyambe mwaiuza kompyuta zoona, kuti manambala a pa pepala lakale ndi a 20936, kenako muwasinthire ku 32736. Mukayamba ndi kuwasintha musanawatchule bwino, mwangosamutsa cholakwa kupita nacho kwina. QGIS ikakutulutsirani kabokosi kofunsa njira yosinthira, musangodina OK. Njira za Arc 1950 zilipo zingapo, za Zambia, Zimbabwe, Botswana ndi maiko ena. Sankhani ya Malawi ndipo mulembe penapake kuti mwasankha iti. Dziwaninso kuti kusinthaku kumakufikitsani pafupi ndi mamita angapo, mwinanso makumi awiri, osati masentimita. N'kokwanira pa lipoti la zachilengedwe. Pokhoma mpanda kapena kukumba dzenje la thanki, itanani saveya wovomerezeka ndi zida zake. Ine ndimakana kupereka manambala a pa kompyuta kwa omanga, ngakhale atandikakamiza kuti nthawi yatha.

Zolakwika zina za manambala n'zosavuta kugwira chifukwa zimakutayani kutali. Blantyre ili pa madigiri pafupifupi 15.8 kummwera ndi 35 kummawa. Munthu akaiwala chizindikiro chochotsera patsogolo pa 15.8, malo anu amakapezeka ku Sudan. Akasinthanitsa manambala awiriwo, amakagwera m'nyanja ya Atlantic. Chobisika ndi cha madigiri ndi maminitsi: wina amaona 15°47′ n'kulemba 15.47 mu Excel, pamene zoona zake ndi 15.783, chifukwa digiri imodzi ili ndi maminitsi 60. Kusiyana kwake ndi makilomita pafupifupi 35, ndipo mfundoyo imakhalabe m'Malawi muno, ikuoneka ngati ili bwinobwino. Fayilo iliyonse ya Excel imene yabwera, ndimayamba ndaiponya pa chithunzi cha setilaiti n'kuyang'ana mfundo imodziimodzi ndisanachite china chilichonse.

Pafupifupi ntchito iliyonse ya malo a mafuta imafuna kuti muonetse zonse zimene zili mkati mwa mtunda wakutiwakuti kuchokera pa mathanki. Chida chake ndi Buffer. Musanachigwiritse ntchito onetsetsani kuti layer yanu (fayilo ya zimene mwaika pa mapu) ili mu mamita. Ikakhala mu 4326, mukalemba 500 kompyuta imamva madigiri 500, pamene digiri imodzi yokha ndi makilomita pafupifupi 111. Chenjeraninso ndi EPSG:3857, imene imalowa yokha mukayamba ndi kutsegula mapu a pa intaneti. Imaoneka kuti ili mu mamita, koma pamene pali Blantyre imatalikitsa mtunda ndi 4 peresenti ndi kukulitsa malo ndi 8 peresenti. Ngati mahekitala amenewo ndi owerengera chipukutamisozi cha anthu osamutsidwa, wina alipira zosayenera kapena chiwerengero chonse chikanidwa. Yezani mu 32736.

Koma kuzungulira mzere pa kompyuta ndi ntchito ya mphindi imodzi. Ntchito yeniyeni ndi kudziwa zimene zili mkati mwa mzerewo, ndipo apa ndi pamene ndimakhumudwa ndi malipoti ena amene ndimawaona. Thanki yokwiriridwa pansi ikayamba kudontha, mafuta sawonekera pamwamba msanga. Amalowa m'nthaka n'kutsata madzi. Amene amayamba kumva fungo la petulo ndi mayi amene akutunga pa chitsime chapafupi. Chitsime chimenecho simungachipeze pa OpenStreetMap, ngakhale kuti mapu amenewo ndi othandiza pa misewu ndi nyumba za m'tauni. Pa chithunzi cha setilaiti, mjigo ndi kadontho kamene kamabisika pansi pa mtengo wa mango. Ndiye ine ndimaika pulojekiti yanga mu pulogalamu ya pa foni yotchedwa QField, n'kuyenda wapansi m'dera lonselo. Funso limene limandithandiza kwambiri ndi ili: "Amayi, mjigo ukawonongeka kapena ukaphwa mu Okutobala, madzi akumwa mumakatunga kuti?" Yankho lake limanditengera ku zitsime zokumba pamanja za m'dambo, zosaya, zimene ndiye zoyamba kuipitsidwa. Safunsa anadya phula, ndipo pa nkhani imeneyi amene angadye phulalo si wopanga mapu koma ana a m'mudzimo.

Kamsitu kowirira kamene kaima pakokha pakati pa minda yopanda mitengo, kawirikawiri ndi manda. Musalembe kuti nkhalango musanafunse, ndipo musalowemo ndi GPS popanda chilolezo cha amfumu. Ndinaonapo pulani yochokera kunja imene inadutsitsa msewu wolowera ku depoti pakati pa kamsitu kotero, chifukwa wojambulayo anaona mitengo basi.

Pofuna kudziwa kumene mafuta angalowere atatayika, timagwiritsa ntchito DEM, imene imaonetsa kukwera ndi kutsika kwa nthaka. Yaulere imene ambiri amatenga ndi SRTM, yoyezedwa m'chaka cha 2000, ndipo kabokosi kake kalikonse ndi mamita 30. Imakuuzani bwino chigwa chimene malo anu akupendekera, kaya ndi ku Mudi, ku Likhubula kapena ku Lunzu, ndipo mitsinje yambiri ya m'Blantyre imakathera mu Shire. Koma siiona ngalande ya m'mbali mwa msewu, kalavati wa pansi pa njanji, kapena dothi limene anathira pokonza malo. M'tauni madzi amatsata ngalande, ndiye ndi bwino kukaona malowo mvula itangogwa, n'kujambula mivi ya kumene madzi akulowera.

Muziyang'ananso tsiku la chithunzi. Namondwe wa Freddy atawomba mu Malichi 2023, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kusesa nyumba ku Chilobwe ndi madera ena, mitsinje ina inakula, ina inasiya njira zake, milatho inakokoloka. Chithunzi cha chaka cha 2021 chimaonetsa Blantyre ina. Zithunzi za pa intaneti zimene timaika pansi pa mapu mu QGIS sizinena tsiku lake, koma Google Earth Pro imalemba tsikulo m'munsi ndipo imalola kubwerera m'mbuyo. Setilaiti ya Sentinel-2 ndi yaulere, imajambula masiku ochepa alionse, ndipo ngakhale kabokosi kake ndi mamita 10, imaonetsa bwino pamene madzi anasefukira. Munthu akandibweretsera malo a m'mbali mwa mtsinje, ndimamuonetsa chithunzi cha namondwe asanafike ndi cha pambuyo pake moyandikana, ndipo nthawi zambiri sipafunikanso kulankhula zambiri.

Za njira za matankala ndingonena mwachidule. Ochokera ku Beira amadzera ku Tete, kulowa pa Mwanza, kuwoloka Shire pa Zalewa n'kudutsa pakati pa msika wa Lunzu. Mapu othandiza woyang'anira chitetezo ndi amene aonetsa milatho, zitsikiro, misika ya pamsewu ndi sukulu, osati mzere wofiira wokha. Nacala ndi Dar es Salaam zili mu zoni 37, choncho poyeza njira yonse musaikakamize mu 32736. Idulireni pa digiri 36 kummawa, kapena muyeze pa ellipsoid, kutanthauza motsata kupindika kwa dziko lapansi.

Tsopano ku mbali ya ofufuza. Boma linagawa dziko m'mabuloko 6 ofufuzamo mafuta, motsatira lamulo la 1983, ndipo mu 2011 linapereka chilolezo kwa kampani ya Surestream Petroleum pa mabuloko a m'nyanja chakumpoto. Chaka chotsatira mkangano wa malire ndi Tanzania unabuka mwamphamvu. Malawi amaima pa pangano la 1890 la pakati pa Britain ndi Germany, limene limaika malire m'gombe la kummawa, pamene Tanzania imati malire ali pakati pa nyanja. Izi zimakukhudzani inu pa kompyuta yanu, chifukwa mafayilo a malire amene mumatenga pa intaneti samajambula mzerewu mofanana. Mukhoza kupereka ku ofesi ya boma mapu amene adula nyanja pakati, inu osazindikira. Malire a dziko ndi a maboma muwatenge ku Department of Surveys, ndipo muyang'ane kumpoto kwa nyanja musanasindikize.

Ntchito imene ndinathandizapo ine inali ya ku Chigwa cha Shire, kumene kuli miyala ya mtundu wotchedwa Karoo ya ku Lengwe ndi Mwabvi, yodziwika kale ndi malasha. Tinasonkhanitsa mapu akale a miyala ochokera ku Geological Survey ku Zomba, ndi zotsatira za kauniuni wa pa ndege amene anachitika m'dziko lonse mu 2013 ndi 2014. Mapu akalewo ndi a pepala, ndiye amayenera kusikanidwa n'kukhomedwa pamalo pake ndi chida cha Georeferencer. Pokhoma gwiritsani ntchito mphambano za mizere ya gridi imene ili pa mapuwo, mu datum ya mapuwo, osati makhotakhota a mtsinje, chifukwa Shire wa kumunsi amasuntha. Mfundo zikhale m'ngodya zonse ndi pakati. Ndipo musaiwale kuti pa mapu a 1:100,000, milimita imodzi ndi mamita 100. Mzere wa pensulo wa katswiri wa miyala, mukaukulitsa pa kompyuta, sukhala wolondola kuposa mmene unalili pa pepala. Pamwamba pa zonsezi muike malire a Lengwe National Park, a Mwabvi ndi dambo la Elephant Marsh, limene linalowa m'gulu la madambo otetezedwa a Ramsar mu 2017, monganso kunyanja muyenera kuika Lake Malawi National Park, imene UNESCO inaiika m'kaundula wake mu 1984. Wofufuza ayenera kuona malo amenewa pa tsamba loyamba, asanakonze zolowetsa magalimoto.

Pali pempho limodzi limene ndimalikana poyera. Mapu a maginito ndi a mphamvu yokoka ya nthaka amatuluka ndi mitundu yowala, yofiira ndi yabuluu, ndipo pamapezeka munthu wofuna kuti muzungulize pofiirapo n'kulemba kuti apa pali mafuta, kuti akaonetse kwa oika ndalama. Mitunduyo imangothandiza katswiri kuyerekeza kuya kwa miyala ndi ming'alu yake. Mafuta amatsimikizika ndi kuboola. Dzina lanu likhala m'munsi mwa mapuwo zaka zambiri munthu uja atapita.

Za kasungidwe ka mafayilo: siyani shapefile, mtundu wakale wa fayilo ya mapu, ngati palibe wokukakamizani. Imakhala tizidutswa tingapo, ndipo munthu akatumiza pa WhatsApp amatumiza ka .shp kokha, kapena amasiya ka .prj kamene kamanena datum, vuto lija n'kuyambiranso. Imadulanso maina a mizati ya tebulo lake pa zilembo 10. GeoPackage ndi fayilo imodzi yonyamula zonse. Zimene mwalandira kwa kasitomala muziike mu foda yakeyake ndipo musazikhudze; gwirani ntchito pa kope. Magetsi akathima muli pakati posintha layer, fayilo ikhoza kuwonongeka, choncho sungani pafupipafupi, ndipo madzulo alionse kopani foda yonse pa diski ina. Zithunzi zikuluzikulu muzitsitse kamodzi pamene intaneti ili bwino n'kuzisunga, kuti bandulo isathere pa kutsegula malo omwewo tsiku lililonse. Pulani ya mathanki ndi mapaipi a depoti si yotumiza m'magulu a pa foni.

M'munsi mwa mapu alionse amene atuluka m'manja mwanga mumakhala datum ndi nambala yake ya EPSG, tsiku la chithunzi, kumene layer iliyonse yachokera, ndi tsiku limene ndinayenda pamalopo. Sikelo ndimaika ya kamzere, chifukwa mapu a A3 akasindikizidwa pa A4 kumalo osindikizira ku Ginnery Corner, 1:5,000 ija imakhala yabodza pamene kamzere kamachepa limodzi ndi mapuwo.

Mapu opita ku msonkhano wa anthu a m'mudzi ndimawapanga padera. Amakhala aakulu, chithunzi cha setilaiti chikuoneka bwino, maina a sukulu, tchalitchi, mzikiti, chigayo ndi mjigo atalembedwa m'Chichewa, popanda mizere yambiri ya akatswiri. Timawayala pa mkeka, miyala m'ngodya kuti asauluke, ndipo ndimapereka cholembera kwa amfumu ndi kwa amayi a komiti ya mjigo kuti akonze zimene zalakwika. Pafupifupi nthawi zonse amawonjezapo kanthu: njira imene ana amadutsa popita kusukulu, chitsime chatsopano, munda umene eni ake ali ku Joni. Zimenezo ndimazilowetsa mu layer yakeyake sabata yomweyo, ndi tsiku la msonkhano ndi udindo wa amene ananena, pepala lolembedwalembedwa lija n'kulisikana kuti likhale mu foda ya ntchitoyo.